Nyanja, Khwaŵa ndi Dziŵe: Kupenda Mau a Madzi m'Baibulo la Chicheŵa

Pa Lamulungu lachisanu la Pasaka m'chaka C, ndiponso kaŵirikaŵiri pa Misa ya maliro, timaŵerenga mutu 21 wa buku la Chivumbulutso. Mlembi akuwona kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano, ndipo m'ndime yoyamba yomweyo akutiuza kuti nyanja idzakhala itachotsedwa. Kwa iye umenewu unali uthenga wosangalatsa. Koma tiganize za msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Chembe amene wakhala kumbuyo m'tchalitchi namva mau ameneŵa. Nyanja ndiyo munda wake, ndiyo mseu wake, ndiyo imamwetsa ana ake. Iyeyo akumva kuti Mulungu adzakonza dziko labwino koposa lino, koma lopanda usipa, lopanda chambo, lopanda dooko lofikirapo bwato. Mlaliki akangodumpha ndimeyi osaifotokoza, msodzi uja abwerera kwao ali ndi funso limene palibe wamuyankha.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kupenda m'mene mau otchulira madzi amagwirizanirana m'Chihebri, m'Chigriki ndi m'Chicheŵa, ndi kuwona pamene omasulira Baibulo adakhoza ndi pamene ntchito idakatsalira ife olalika. Sitikupeputsa thukuta la amene adatitsogolera: a William Murray ndi anzao amene adatipatsa Buku Lopatulika mu 1922, Bambo Louis Villy amene ntchito yao idabala Malembo Oyera mu 1966, ndi gulu la mipingo yosiyanasiyana limene lidatulutsa Buku Loyera mu 1998. Vuto limene tikukamba lagona pa kakhalidwe ka zilankhulo zokha, pakuti chilankhulo chilichonse chimadula malire a madzi pamalo pakepake.

Malire a mau athu

Mcheŵa akamatchula madzi amayang'ana zinthu zinai: kukula kwake, ngati akuyenda kapena aima, ngati amaphwa m'chilimwe, ndiponso ngati adadzera okha kapena munthu adachita kukumba. Madzi aakulu otambalala ndi nyanja. Oyenda ndi mtsinje, ndipo akachepa ndi mfuleni. Njira imene madzi amadzeramo m'dzinja nkuuma m'chilimwe ndi khwaŵa. Pamalo pozama, pamene mtsinje umachita ngati waima, ndi dziŵe. Madzi amvula ondandama ndi thamanda kapena thaŵale, ndipo ochepetsetsa ndi chithaphwi. Otumphuka okha pansi ndi kasupe, okumba ndi chitsime. Pa zonsezi palibe pamene tafunsa ngati madziwo ali ndi mchere. Funso limenelo makolo athu sadalisoŵe, ndipo nchifukwa chake tikafuna kunena za madzi a ku Beira kapena ku Nacala timachita kuwonjeza mau ena kuti nyanja yamchere.

Kale mau akuti nyanja anali otambalala kuposa m'mene timaŵamvera lero. David Livingstone adalemba m'buku lake la mu 1865 zimene zidamugwera mu 1859, pamene ankafunafuna Chilwa. Iye adapempha womperekeza kuti amtsogolere ku nyanja yaikulu, koma munthuyo adayamba kumkhotetsera ku dambo lalikulu la m'chigwa cha Shire limene Azungu adalitcha Elephant Marsh. Anthu a paulendowo adaganiza kuti akuŵanyenga, chonsecho womperekezayo sadaname: kwa iye dambo lija ndilo linali nyanja yaikulu. Livingstone adazindikira pambuyo pake kuti mauwo ankatha kunena dambo, nyanja ngakhalenso mtsinje. Ndipo atafika ku nyanja yathu yaikulu mu Seputembala chaka chomwecho, adaitcha Nyasa, osalabada kuti limeneli si dzina koma ndi mau a Chiyao ongotanthauza nyanja.

Zilankhulo za ku Ulaya nazonso sizigwirizana pa malire ameneŵa. Ansembe Achidatchi amene adagwira ntchito pakati pathu ankati zee ponena nyanja yamchere ndi meer ponena ya kumtunda, pamene anansi ao Achijeremani amati Meer ponena yamchere. Tisaganize tsono kuti Chingerezi, chimene chimasiyanitsa sea ndi lake, ndicho muyeso woyesera zilankhulo zina zonse.

Yam wa Ahebri ndi nyanja yathu

Mau a Chihebri akuti yam ali pafupi kwambiri ndi nyanja yathu. Ahebri ankati yam ponena Mediterranean, yam ponena Nyanja ya Mchere ya ku Yudeya, ndiponso yam ponena nyanja ya madzi abwino ya Kinereti (Numeri 34:11), imene ife timaidziŵa kuti Galileya. Aneneri adatchapo yam ngakhale mtsinje wa Nailo (Yesaya 19:5; Nahumu 3:8). Chimkhate chamkuŵa chimene Solomoni adaika m'Nyumba ya Mulungu, cha mikono 10 m'mimba mwake, chokhala pa ng'ombe zamkuŵa 12, nachonso chinkatchedwa yam (1 Mafumu 7:23-26). Ndipo poti Mediterranean ili kuzambwe kwa dziko lao, mau omwewo ankatanthauzanso kuzambwe.

Marko, Mateyo ndi Yohane, ngakhale adalemba m'Chigriki, adatsata kaganizidwe ka Chihebri natcha Galileya thalassa, mau amene Mgriki weniweni ankasungira nyanja yamchere. Luka yekha adakana. Pa mutu 5 ndi mutu 8 akuitcha limne, ndiye kuti madzi oima a kumtunda, ndipo Baibulo la Chilatini lidamtsatira ponena kuti stagnum m'malo mwa mare. Kusiyana kumeneku kudabala mkangano kalekale. Porphyry, mdani wophunzira wa Chikhristu wa m'zaka za m'ma 200, adanena kuti alembi a Mthenga Wabwino adakuza dala kanyanja kakang'ono kuti chozizwitsa cha Yesu chiwoneke chachikulu. Jerome Woyera adamuyankha, pofotokoza Genesis 1:10, kuti Ahebri amatcha yam madzi alionse osonkhana pamodzi, amchere ndi opanda mchere omwe.

Pamenepa Chicheŵa chili ndi mwai. Mkhristu wa kwathu safunika kumfotokozera chifukwa chimene Galileya ikutchedwa nyanja, ndipo funso la Porphyry kwa iye silimveka nkomwe. Komabe chithunzi chimene chimabwera m'mutu mwake nchachikulu kupitirira. Galileya ndi yotalika makilomita 21 ndi yotambalala makilomita 13 okha, ndipo pozama pake sipafika mamita 50. Ndi yaing'ono kuposa Malombe. Nyanja ya Malaŵi imapitirira makilomita 560 m'litali, ndipo kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700. Mlaliki auze anthu kukula kwenikweni kwa Galileya, kuti amvetse m'mene khamu lidathamangira pamtunda nkuyamba kufika bwato lisanakocheze (Marko 6:33). Aŵauzenso kuti nyanjayo ili m'chigwa, mamita oposa 200 kunsi kwa nyanja yamchere, kotero kuti mphepo yotsika m'mapiri imautsa mafunde modzidzimutsa. Anthu odziŵa mwera, amene makolo ao adalira anthu 145 omira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, savutika kumva mantha a ophunzira aja.

Chimene nyanja yathu siinyamula

Pali katundu wina amene yam amasenza koma nyanja yathu ai. Aisraele sanali anthu a pamadzi, ndipo kwa iwo nyanja inali chizindikiro cha chisokonezo cholimbana ndi Mulungu. Zolemba za ku Ugarit, zimene zidayamba kufukulidwa mu 1929 m'dziko la Syria, zimasimba za mulungu wotchedwa Yam amene adamenyana ndi Baala. Israele adatenga chithunzicho nachigonjetsa pansi pa Chauta: Masalimo 74 ndi 89 amayamika Mulungu wophwanya zilombo za m'nyanja, ndipo pa Yobe 38 Mulungu akuitsekera nyanja ndi zitseko, naiikira malire. Nchifukwa chake Mpingo umaŵerenga Yobe 38 pamodzi ndi Marko 4:35-41 pa Lamulungu la 12 m'chaka B. Mau amene Marko akugwiritsa ntchito pamene Yesu akudzudzula namondwe ndi omwe aja adagwiritsa ntchito pa mutu 1, pamene Yesu adadzudzula mzimu woipa m'nyumba yamapemphero ku Kapernao. Marko adafuna thalassa chifukwa ankafuna kuti tiwone Yesu akuchita chimene Chauta yekha amachita.

Tsono tibwerere ku Chivumbulutso. Nyanja imene idzachotsedwe pa 21:1 ndi thalassa, yomwe ija mudatuluka chilombo pa mutu 13, yomwe ija ankadzerapo amalonda a Babiloni pa mutu 18, yomwenso idalekanitsa mlembi, ali pa chilumba cha Patimosi, ndi mipingo yake. Chimene chikutha ndi chisokonezo, mantha ndi kulekana. Madzi sakutha, pakuti pa 21:6 pali kasupe ndipo pa 22:1 pali mtsinje wotuluka ku mpando wachifumu wa Mulungu. Mneneri Ezekiele, pa mutu 47, adaona mtsinje wotere ukuchiritsa Nyanja ya Mchere, asodzi ataimirira m'mbali mwake ndi makoka ao. Msodzi wathu uja ayenera kumva zimenezi pa tsiku lomwelo limene wamva 21:1.

Pali vuto lina loposa pamenepa, limene ndi la kamasuliridwe. M'ndime zoŵerengeka zokha, mlembi akugwiritsa ntchito mau aŵiri osiyana. Pa 20:13 thalassa ikupereka akufa ake. Pa 20:14 imfa ikuponyedwa mu limne yamoto. Pa 21:1 thalassa yachotsedwa. Pa 21:8 limne yamoto idakalipo. M'Chigriki ndi m'Chilatini palibe chosokoneza, koma m'Chicheŵa tazoloŵera kunena nyanja pa malo anai onseŵa. Woŵerenga watcheru angathe kuganiza kuti nyanja yochotsedwayo ndi yamoto ija, kenaka nkudabwa kuipezanso patangopita ndime zisanu ndi ziŵiri. Ife tikuganiza kuti limne ya m'Chivumbulutso ingamveke bwino ngati dziŵe lamoto. Ena adzati dziŵe nlaling'ono. Nzoona, koma mlembi sakunena za kutambalala kwake. Akunena za malo otsekeka, ozama, oti chimene chagweramo sichivuuka, ndipo umo ndimo khutu la Mcheŵa limamvera dziŵe.

Nyanja Yofiira nayonso ifunika mau pang'ono. Chihebri chimati Yam Suf, ndipo suf ndi mau omwe aja otchulira zomera za m'mbali mwa Nailo m'mene adabisamo Mose ali khanda (Eksodo 2:3). Dzina lakuti Yofiira lidachokera ku Baibulo la Chigriki, nkudzera m'Chilatini mpaka kwa ife. Akatswiri ambiri amati Nyanja ya Bango. Koma tisafulumire kutaya dzina lakale, pakuti pa 1 Mafumu 9:26 Yam Suf ndi nyanja yeniyeni yamchere ya ku Aqaba, kumene Solomoni adapangira zombo. Apanso mau athu akutithandiza, chifukwa Mcheŵa amene adaona Chilwa, nyanja ya mabango imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, amadziŵa kuti nyanja ingakhale yozama kapena yosazama nkukhalabe nyanja.

Mtsinje ndi khwaŵa

Chihebri chimasiyanitsa nahar, mtsinje wosaphwa monga Yufurate, ndi nahal, khwaŵa loyenda madzi pa nyengo yamvula yokha. Chingerezi chidasoŵa mau ake mpaka kubwereka wadi kwa Aarabu, koma ife tili nawo. Nchomvetsa chisoni tsono kuti kaŵirikaŵiri timangomva mtsinje ponseponse. Keriti, kumene adabisala Eliya, linali khwaŵa, ndipo kuphwa kwake (1 Mafumu 17:7) sikudadabwitse munthu. Kidroni, amene Davide adaoloka pothaŵa Abisalomu ndiponso Yesu usiku wa kuperekedwa kwake, Yohane akumutcha ndi mau a Chigriki otanthauza madzi oyenda m'nyengo yamvula (18:1).

Phindu la kusiyanitsaku likuwonekera pa Yobe 6:15-20. Yobe akufanizira abale ake ndi khwaŵa: m'dzinja limasefukira pamene palibe wolisoŵa, koma apaulendo akapatukirako m'chilimwe ali ndi ludzu amapeza mchenga wokha. Tikati mtsinje, fanizolo lafooka. Chimodzimodzi pa Amosi 5:24, mneneri akufuna kuti chilungamo chikhale nahal losaphwa, ndiye kuti khwaŵa lochita zosemphana ndi chikhalidwe chake. Akudzudzula chilungamo cha nyengo, chimene chimayenda pa masiku a chikondwerero nkuuma pa masiku a malonda ndi a milandu. Fanizo la nyumba ziŵiri pa Mateyo 7:24-27 nalonso nla m'dziko la makwaŵa, m'mene mchenga wouma ndi wosalala umakopa womanga wofuna zapafupi. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Anthu a ku Zomba adaziwona mu 1946, a ku Phalombe mu 1991, ndipo a ku Chilobwe ndi ku Mulanje mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy. Kwa anthu otere fanizoli tililalike mosamala, pokumbukira kuti ambiri adamanga m'khwaŵa chifukwa cha kusoŵa malo, osati chifukwa cha kupusa.

Chitsime, kasupe ndi dziŵe

Pa Yohane 4, Mthenga wa Lamulungu lachitatu la Lenti m'chaka A, Chicheŵa chidapambana pa china nkutaya china. Mai wa ku Samariya akunena za phrear, chitsime chokumba, ndipo chitsime cha Yakobe chimene chilipo mpaka lero pafupi ndi Nablus nchozamadi kupitirira mamita 30. Yesu akulonjeza pege, kasupe. Chitsime ndi kasupe zimasiyana bwino m'makutu mwathu: china umapitako ndi chingwe ndi chotungira, china chimatumphuka chokha. Chimene tidataya ndi tanthauzo loyamba la madzi amoyo. Kwa Myuda ndi Msamariya, madzi amoyo anali madzi oyenda, osiyana ndi osungidwa (Genesis 26:19, Levitiko 14:5). Maiyo adamva kuti mlendoyu akudziŵa kumene kuli mfuleni kapena kasupe, ndipo yankho lake linali lanzeru. Mkhristu wa kwathu akamva madzi amoyo amalumphira pomwepo ku tanthauzo lauzimu, nayamba kumuwona maiyo ngati wogontha mutu. Buku lakale la Didake, pa mutu 7, likugwiritsa ntchito mau omwewo polamula kuti ubatizo uchitike m'madzi oyenda, ndipo ngati palibe, m'madzi ena, kapena pothira katatu pamutu.

Mau amene tilibe ndi otchulira bor, dzenje losema m'thanthwe losungiramo madzi amvula. Tikalitcha chitsime tasokoneza, popeza chitsime chili ndi msempha wake wa madzi pamene bor limangosunga zimene lalandira. Pa Yeremiya 2:13 mlandu wa Israele ndi wakuti adasiya kasupe nkudzisemera zosungiramo madzi, zomwenso zili zong'aluka. M'dzenje lotere ndimo adaponyamo Yosefe (Genesis 37) ndi Yeremiya yemwe (mutu 38). Pano mau amodzi sakwanira, ndipo nkwabwino kutalikitsa chiganizo kusiyana ndi kutaya fanizo.

Za Betesda ndi Siloamu, Buku Lopatulika lidasankha thamanda, pamene ambiri lero amati dziŵe. Mau a Yohane ndi kolymbethra, malo osambiramo omangidwa ndi anthu. Pa Betesda, pafupi ndi tchalitchi la Anna Woyera limene Ansembe Oyera akhala akulisamala ku Yerusalemu chiyambire 1878, ofukula adapeza madamu aŵiri oyandikana, ndipo zimenezi zidamveketsa makonde asanu amene Yohane akutchula. Siloamu ankalandira madzi a kasupe wa Gihoni kudzera m'ngalande ya mfumu Hezekiya, ya mamita 533, ndipo mu 2004 kudapezeka malo ake aakulu okhala ndi makwerero. Thamanda limapeputsa malo otere, chifukwa limatikumbutsa madzi amvula osakhalitsa. Dziŵe ndi lolemera, koma limabwera ndi alendo ake. Pa miyambo yathu dziŵe ndi malo a mizimu: tikumbuke Ndione pa chipembedzo cha Mbona ku Nsanje, Dziŵe la Nkhalamba ku Mulanje, ndiponso zimene amauza osavinidwa kuti zilombo za gule zimachita kuvuulidwa m'madzi. Alendo ameneŵa sitiyenera kuŵaopa. Odwala a pa Betesda nawonso ankadikira mphamvu yobisika yovundula madzi, ngakhale kuti ndime 4, yonena za mngelo, mulibe m'mipukutu yakale kwambiri. Chofunika nchakuti mlaliki aonetse kuti Yesu adachiritsa munthu uja, amene adadwala zaka 38, osamuloŵetsa m'dziŵemo.

Zotsalira ife

Tapeza kuti pa nyanja, pa khwaŵa ndi pa kasupe, Chicheŵa chili pafupi ndi Chihebri kuposa Chingerezi, ndipo wophunzira amene amapenda Baibulo lathu poliyerekeza ndi la Chingerezi lokha adzakonza zimene sizidalakwike. Tapezanso malo atatu ofunika kuŵaganiziranso pamene Baibulo lidzakonzedwenso: nyanja yamoto ya m'Chivumbulutso, makwaŵa amene adasanduka mitsinje, ndi maenje osungiramo madzi amene adasanduka zitsime. Koma kukonza Baibulo kumatenga zaka zambiri, pamene Lamulungu limabwera sabata iliyonse. Pakali pano udindo uli pa wansembe ndi katekisti, kuti asanalalike afunse ngati madzi a m'ndimeyo akuyenda kapena aima, ngati amaphwa, ndiponso ngati adakumbidwa.

Tipemphenso abale athu a m'seminale kuti akapita ku tchuthi kapena ku chaka cha utumiki, akhale pansi ndi asodzi ndi amai otunga madzi, alembe mau amene akugwiritsa ntchito ndi malire a mau alionse. Kumene kwafika mijigo ndi mipopi, ana ambiri akukula osadziŵa kusiyana kwa thaŵale ndi thamanda, kapena kwa mfuleni ndi khwaŵa. Mau ameneŵa akaiŵalika, tidzakhala titataya zipangizo zimene zikadatithandiza kumva Yobe, Amosi ndi Yeremiya m'chilankhulo chathu. Ndipo pa usiku wa Pasaka, pamene wansembe akudalitsa madzi a ubatizo natchula madzi a pa chiyambi, chigumula, Nyanja Yofiira ndi Yordani, anthu athu ayenera kudziŵa kuti ameneŵa ndi madzi osiyanasiyana, ndi kuti pa alionse Mulungu adachitapo ntchito yakeyake.